Nkhanambo Yachiwiri

Bambo anga, a Bounlieng, sakhulupirira kuti ngongole
yobwezedwa kale ingadzagogodenso pakhomo.
"Matenda awa ndinadwala," akutero pa foni,
mano akuombana,
"chaka chija mtsinje wa Nam Tha unakokolola mlatho.
Ndinalipira. Thupi langa likuwadziwa.
Nanga abwereranji?"

Amayi apeza chidindo m'khwapa mwawo:
kankhanambo kakuda bii, kozungulira,
ngati wina wazimitsirapo ndudu n'kuchoka osapepesa.
Koyamba kaja kanali m'chiuno,
podutsa chingwe cha chikwanje.

Ine ndili ku Vientiane, m'chipinda chozizira
mmene anthu amasanduka manambala.
Magazi awo abwera pa basi ya usiku, atakutidwa ndi ayezi.
417. Ndazindikira kalembedwe ka namwino wa kwathu,
seveni wake wopindika msana.

Makina awerenga mpaka mbandakucha.
Zilembo zinayi zokha, zobwerezabwereza,
zandandalika ngati linthumbu likusamuka.
Ndatsegula firiji, ndafukula kabotolo ka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo,
malungo akale a munthu yemweyo.
Ndaika mizere iwiri pamodzi.
Poyamba ikuyenda limodzi ngati ana a mimba imodzi,
kenaka phatu! uyu kwake, uyu kwake.

Kachilombo aka sikasamala buku lake.
Kamang'amba tsamba, kulikopera kambirimbiri,
kulimata chadodolido pena,
kubwereka chiganizo kwa mnzake
amene kakumana naye m'thupi la khoswe mmodzi.
Malaya ake akunja, amene asilikali a m'magazi amaloweza,
amasokedwa mwina kuseri kwa phiri lililonse.
Nthata yofiira, yochepa kuposa fumbi la tsabola,
imasiyira mazira ake cholowa chimenechi,
mayi kwa mwana, mayi kwa mwana,
pa kachitsamba kamodzi m'mphepete mwa munda.
Ukadumpha ngalande, wapeza fuko lina.

M'mabuku muli ziwongo zakale, Karp, Kato, Gilliam,
ngati kuti mayina atatu angakwanire mtundu wonse.
Kachilombo ka chaka chino kakana kukhala pansi pa aliyense.
Pa mtengo wa maubale umene kompyuta yajambula
kali pa nthambi yakeyake, kutali,
ngati mlendo pa maliro amene palibe akumudziwa.

Ndiwauze bwanji bambo?
Ndiimbanso madzulo, atameza mbulu wachiwiri wa mankhwala.

"Bambo, m'nkhokwe mwanu muli mitundu ingati ya mpunga?"
Chete. Ndikumva nkhuku pansi pa nyumba.
"Isanu ndi iwiri. Wakuda uja, wocha msanga,
wa fungo umene amayi ako anabwera nawo pokwatiwa..."
"Wonsewo ndi mpunga?"
"Wonsewo ndi mpunga."
"Wodziwa kukoma kwa wakuda, wadziwa wa fungo?"

Akhosomola, ndiye ayamba kuseka,
kuseka kowawa nthiti.
"Ndiye kuti kanthuka n'kalimi kanzanga.
Sikaika mbewu yonse m'dengu limodzi."

Sindinawauze kuti n'chifukwa chake katemera akutizemba,
kuti tikasula kiyi, loko wasintha kale.
Sindinawauze kuti ndinakondwa, Mulungu andikhululukire,
kwa mphindi imodzi yathunthu, nditaona nthambi yatsopano ija,
ndisanakumbuke mwini magazi.

Malungo atsika tsiku lachiwiri.
Akufunsa za mvula, za mpanda umene njati inagwetsa.
Ndawatumizira nsapato za jombo ndi masokosi aatali;
ndikudziwa adzazipachika pa msomali, kusungira ulendo wa m'tauni.

Pa fomu pali mpata wa dzina la mtundu watsopano.
Malamulo akuti zilembo ziwiri ndi nambala.
Ndalemba LN-417,
ndabweza kabotolo mu chisanu, pambali pa kakale kaja,
malungo awiri a bambo anga
ogona moyandikana, osadziwana.